Woyendetsa Mwambo Asasanduke Mwini Mwambo

M'miyezi ya chilimwe, pamene anthu akolola ndipo m'matumba muli kangachepe, palibe Loweruka limene limadutsa popanda kumveka liwu la munthu wogwira chimkuzamawu, kaya ndi m'maholo a ku Lilongwe, Blantyre, Zomba ndi Mzuzu, kaya ndi m'misasa ya udzu ya kumudzi. Munthu ameneyu achinyamata amamutcha MC, achikulire namutcha woyendetsa mwambo. Popeza liwu lake ndi limene limatsekula tsiku ndi kulitseka, ena mwa anthu a ntchito imeneyi ayamba kudziyesa eni ake a tsikulo, naiwala kuti adaitanidwa kudzatumikira, ndipo chizolowezi chotere chiyenera kudzudzulidwa chisanazike mizu.

Udindo umenewu si wachilendo pakati pathu. Pabwalo la milandu, makolo athu ankadziwa kuti mfumu sichulukitsa mawu, chotero panali nduna imene inkakhazika anthu chete, kuitana wodandaula ndi woyankha aliyense pa nthawi yake, ndi kubwereza mawu a mfumu kuti ndi wokhala kutali yemwe amve; koma sipadamvekepo kuti nduna yadzitcha mwini mzinda chifukwa chakuti liwu lake lidamveka koposa. Ngakhale lero lino, pa mwambo wa Kulamba umene umachitika mwezi wa Ogasiti ku Mkaika m'boma la Katete ku Zambia, kumene mafumu a Achewa a ku Malawi, Zambia ndi Mozambique amakagwada pamaso pa Kalonga Gawa Undi, woitana maina amatchula mfumu iliyonse ndi dera lake, kenaka n'kupatuka kuti mfumuyo ionekere. Nawo Malembo Oyera, posimba za ukwati wa ku Kana wa ku Galileya m'chaputala 2 cha Yohane, amatiuza za mkulu wa phwando amene, atalawa vinyo wokomayo, adaitana mkwati ndi kumutamanda iyeyo, osadzitengera ulemu wa chinthu chimene sadachikonze.

Tsono taonani zimene zikuchitika pa maukwati ambiri masiku ano. Akwati akhala pa mipando yawo kutsogolo, osintha ndalama akhala pa tebulo ndi mabeseni awo, nthawi ya perekaniperekani yakwana. Woyendetsa mwambo waitana akuchimuna, waitana akuchikazi, waitana a mpingo ndi anzawo a kuntchito, ndipo mpaka apa palibe cholakwika, pakuti mutu umodzi susenza denga ndipo banja latsopano liyenera kuthandizidwa. Koma pamene agogo ena adzuka pang'onopang'ono, namasula kansalu kawo pamfundo, natulutsa K200 imene adaisunga atagulitsa nkhuni, woyendetsa mwamboyo aimitsa nyimbo, nainyamula ndalamayo m'mwamba, nafunsa khamu lonse ngati imeneyi ikhoza kugula ngakhale mchere. Anthu aseka, agogo abwerera pa mpando wawo atazolika, ndipo pa ukwati wina sadzadzukanso. Amene wabwera ndi ma K5,000, ndalama imene idatuluka m'chaka cha 2022, amaitanidwa kasanu ndi maina aulemu, pamene malume amene adalera mkwatibwi, ndi ankhoswe amene adasinthana tambala ndi thadzi pa chinkhoswe, satchulidwa n'komwe kufikira dzuwa litapendeka. Onjezanipo nthabwala za kuchipinda zonenedwa pamaso pa apongozi, abusa ndi ana aang'ono, ndiponso kulimbikitsa anthu kumwaza ndalama pansi ndi kuzipondaponda povina, khalidwe limene Banki Yaikulu ya dziko lino yakhala ikudandaula nalo chifukwa limang'ambitsa ndalama, ndipo mudzavomereza kuti ng'oma yoliritsa sichedwa kung'ambika.

Pa maliro nkhaniyi imalemera koposa, pakuti pamenepo mawu olakwika sabwezedwa. Mwambo wathu uli ndi dongosolo lake: amayamba ndi oimira banja, kenaka nyakwawa, gulupu ndi mfumu yaikulu ngati ilipo, ndipo pambuyo pake mwambo umaperekedwa m'manja mwa mpingo. Woyendetsa mwambo amene sadziwa kuti mwini mbumba ndani, amene aitana phungu wa Nyumba ya Malamulo asanalonjere mwini mudzi, kapena amene alola andale kusandutsa siwa kukhala msonkhano wokopera anthu pamene adzukulu akudikira kumanda dzuwa likuswa mtengo, wanyoza wakufa ndi amoyo omwe. Momwemonso powerenga chipepeso: kutchula mokweza amene apereka zochuluka, ndi kumeza maina a amayi amene abwera ndi ufa, nkhuni ndi ndiwo, ndi kuphunzitsa mudzi kuti chisoni chimayezedwa ndi ndalama.

Pamenepa ndisamveke ngati wonyoza ntchito yonse, pakuti ndi ntchito yolemetsa, ndipo wantchito ayenera malipiro ake. Munthu woimirira kuyambira masana kufikira madzulo, woyanjanitsa mabanja awiri amene mwina akhala akukangana pa za chakudya usiku wonse, wodzaza mpata pamene magetsi azima kapena galimoto ya akwati yachedwa kuchokera kojambulitsa zithunzi, ameneyo ali ndi luso limene si aliyense angalikwanitse. Alipo ambiri otere, amuna ndi akazi omwe, amene amafika msanga, nakhala pansi ndi ankhoswe, nafunsa katchulidwe ka dzina lililonse ndi mfunda uliwonse, kuti pamene adzaitana a Phiri, a Banda, a Nkhoma kapena a Jere, mwini dzina adzuke akumva kulemekezeka. Nthabwala zawo zimaseketsa popanda kuvulaza, ndipo mwambo ukatha anthu amapita kwawo akusimba za kukongola kwa akwati, osati za phokoso la wogwira chimkuzamawu. Amenewa ndiwo adamvetsa mwambi wa akulu wakuti ukayenda siya phazi, ukasiya mlomo udzakutsata.

Mlandu wina uli pa ife eni miyambo, amene timasankha woyendetsa mwambo pofunsa funso limodzi lokha, lakuti adzatitolerera ndalama zingati, ngati kuti ukwati ndi msika. Makomiti a ukwati ndi mabanja a ofedwa ayenera kumupatsa munthuyo ndondomeko yolembedwa, maina a akuluakulu a mbali zonse ziwiri, nthawi yoyambira ndi yotsekera, ndiponso malire a zimene sayenera kunena; ndipo pakhale mkulu mmodzi wa pabanja amene ali ndi mphamvu yomunong'oneza akayamba kutaya njira. Mipingo nayo, imene imaphunzitsa ankhoswe ndi alangizi, ingachite bwino kuphunzitsanso achinyamata ofuna ntchito imeneyi.

Kwa inu ogwira chimkuzamawu, pempho langa ndi ili: dziwani maina, sungani nthawi, gwirani lilime, ndipo lemekezani K200 ya wosauka monga mulemekezera K5,000 ya wolemera. Ndipo inu amene mukukonza ukwati chaka chino, musanapereke chikole kwa woyendetsa mwambo aliyense, yambani mwakamuonera pa mwambo wa ena.