Amene Amati "Silingagulidwe" Akhala Akuphonya

Ofalitsa mabuku ali ndi mawu amene amabisalamo akafuna kubweza ntchito ya munthu: "Buku ili silingagulidwe." Amawanena ngati aombeza ula, chonsecho ndi mantha chabe. Mboni yanga ndi Peter May.

May anabadwira ku Glasgow mu 1951. Anayamba ndi utolankhani, kenako n'kumalemba masewero a pa wailesi yakanema monga Take the High Road. Mu 1993 kunayamba kuonetsedwa Machair, sewero la m'chinenero cha Gaelic limene iye ndi mkazi wake Janice Hally anayambitsa. Ankalijambulira pachilumba cha Lewis, kumpoto chakumadzulo kwa Scotland, ndipo kwa zaka zingapo May ankakhala kumeneko miyezimiyezi. Sindikumuyeretsa ayi. Seweroli linkalembedwa m'Chingerezi kenako n'kumasuliridwa, ndipo ife olemba m'zinenero zathu timadziwa kuwawa kwa chinenero chako chikamadya mkute wa chinzake. Komabe chilumbacho anachidziwa ndi mapazi ake, osati pa zenera la basi.

M'menemo ndi mmene munachokera buku la The Blackhouse. Fin Macleod, wapolisi wofufuza milandu ku Edinburgh, akutumizidwa kwawo ku Lewis kukafufuza za munthu wophedwa. Koma mtembowo ndi khomo lolowera basi. Nkhani yeniyeni ndi ya munthu wobwerera kumudzi kumene aliyense akukumbukira zimene iye akufuna kuiwala. Ndi ya mpingo wouma mtima, ya mphepo yosaleka, ndi ya amuna amene chaka ndi chaka amapita pa boti kuthanthwe la pakati pa nyanja kukagwira anapiye a mbalame otchedwa guga, monga ankachitira makolo awo. Mwambo umenewu si wopeka: amuna a ku Ness amapitadi ku Sula Sgeir.

Ofalitsa a ku Britain analikana, wina pambuyo pa mnzake. Linatuluka koyamba m'Chifalansa mu 2009, ku kampani ya Rouergue, ndipo Afalansa analilandira ndi manja awiri mpaka kulipatsa mphoto. Pamenepo m'pamene kampani ya Quercus inalitulutsa m'Chingerezi mu 2011. Linagulidwa kwambiri, linabala ena monga The Lewis Man ndi The Chessmen, ndipo mu 2013 linapata Barry Award ku America. Tangoganizani: buku lolembedwa m'Chingerezi, ndi mwana wa ku Scotland, lonena za Scotland, linachita kudzera ku France kuti lifike kwawo! Wina anena kuti Quercus nayonso ndi ya ku London. Zoona, koma inabwera ena atalawa kale ndiwo n'kunena kuti mchere wakwana.

Chimene chimandipsetsa mtima n'chakuti kuphonya kotere sikulipiritsa wophonyayo. Amalipira ndi wolemba, amene zaka zake zimatha akudikira, ndi owerenga amene sadziwa n'komwe kuti amanidwa kanthu. May anali ndi dzina kale, ankakhala ku France, anali ndi khomo lina logogoda. Nanga amene alibe France?

Mwina muti kuphonya kamodzi si mlandu. Chabwino. Mu 2005 May yemweyo analemba Lockdown, nkhani ya mzinda wa London utatsekedwa chifukwa cha mliri wa chimfine cha mbalame. Anamuuza kuti zoterezo sizingachitike. Bukulo linagona m'kabati zaka 15, ndipo linatuluka mu 2020, anthu a ku London ali chitsekeredwe m'nyumba zawo.