ZA PA KHOMO: KONZANI PAMPU MVULA ISANAFIKE

Akulu anati madzi saiwala khwawa. Anthu a ku Kanyama mu Lusaka audziwa bwino mwambi umenewu. Komboni yao inamangidwa pamalo a see, pamwamba pa thanthwe la laimu, ndipo mvula ikacuruka madzi a pansi pa nthaka amakwera nabulikira m'mabwalo ndi m'nyumba momwe. M'caka ca 1978 cigumula cinagwetsa nyumba zambiri kumeneko. Madzi otere amasefukiritsa zimbudzi nalowa m'zitsime. Kolera ya mu 2017 ndi 2018 inasautsa Kanyama kwambiri, ndipo mu Januwale 2024 Boma linasandutsa bwalo la National Heroes Stadium cipatala ca odwala kolera.

Ku America, eni nyumba zokhala ndi zipinda za pansi pa nthaka amakumba dzenje pamalo otsika naikamo pampu yocotsa madzi. Nzeru yomweyi ingathandize ku Kanyama, Chawama ndi George. Ambiri a inu owerenga muli ndi ana m'makomboni amenewa, ndipo ena muli ndi pampu yothiririra dimba. Kasamalidwe kake nkamodzi.

Mwezi woyesa pampu ndi Okutobala. Coyamba, cotsani matope ndi mapepala a pulasitiki m'dzenje, ndipo muikemo mgolo woboola-boola wozingidwa ndi miyala. Caciwiri, tsukani sefa ya kumapeto kwa paipi yokoka madzi, pakuti mcenga ukalowa umadya capakati cimene cimazungulira. Cacitatu, tayani petulo wogonera caka catha ndi kusintha oilo. Musanalize injini dzazani madzi m'mimba mwa pampu. Ikayenda youma imapsa mphira zake. Ngati ndi pampu ya magetsi, thirani ndowa za madzi m'dzenje muone ngati kampira koyandama kakuiyatsa ndi kuizima yokha.

Pampu yokalamba imadziulula. Imalira mokhokhomola, imadontha, imacita dzimbiri, ndipo madzi amaturuka mofooka ngakhale sefa ili yoyera. Mtengo wokonzetsa ukayandikira mtengo wa yatsopano, sonkheranani ndi anansi mugule ina. Kudikira mpaka Januwale ndiko kukagula madzi ali kale m'maondo.

Cenjerani ndi zinthu zitatu. Musalize injini ya petulo m'nyumba, cifukwa utsi wake umapha mwakacetecete. Musagwire nthambo za magetsi mutaima m'madzi. Ndiponso madzi opopawo muwalozetse ku ngalande, kutali ndi citsime. Kuwatayira pabwalo la mnzanu ndiko kungosamutsa bvuto, ndipo mawa lomwe adzabwerera kwa inu.

Makolo, mukamalankhula ndi ana anu a ku Lusaka sabata ino, afunseni ngati ngalande ya pakhomo yafukulidwa ndi ngati pampu yayesedwa.