Musagule vinyo na maso chabe, belengani pa botolo

Mwezi wasila, ndalama yangena, pa Chiwelu kuli kitchen party. Mwaimilila mu Shoprite, mabotolo a vinyo ali mbwee pa shelefu, manje mufuna kunyamula chabe ija yooneka bwino. Imani pang'ono bakwathu. Kwacha ivuta masiku ano, belengani kapepala ka pa botolo mukalibe kulipila.

Yambani na funso iyi: ni wonzuna kapena ayi? Mukaona mau akuti Dry, zibani kuti shuga mulibe kwenikweni. Vinyo wambili wamene tigula muno achoka ku South Africa, ndipo lamulo ya kumeneko ikamba kuti Dry asapitilile magalamu 5 a shuga pa lita. Semi-Sweet anzunako, Natural Sweet ndiye wonzuna maningi, monga 4th Street kapena Four Cousins wa pinki. Ngati ba aunty bazolobela vonzuna, mukabapelekela Dry bazakamba ati mwagula vosasa, botolo yonse izathela mu sinki.

Chachibili, mazina monga Merlot, Shiraz, Chenin Blanc na Sauvignon Blanc si makampani ayi, ni mitundu ya mphesa. Merlot na Shiraz ni ofiila, ayenda bwino na nyama yootcha. Chenin na Sauvignon ni oyela, amveka bwino na nsomba kapena nkhuku, makamaka akazizila. Pinotage ni wa ku South Africa weniweni: Abraham Perold ndiye anapanga mtundu uyu ku Stellenbosch mu 1925.

Chaka cholembedwa pa botolo si tsiku yoonongeka iyai, ni chaka chamene banathyola mphesa. Futi musanamizike ati wakale ndiye wabwino nthawi zonse. Vinyo oyela na wa pinki wa mtengo wapansi afunika kumwa akali watsopano. Ngati wankhala zaka zambili pa shelefu, kapena botolo ili pa zuba, isiyeni.

Onani futi zilembo W.O., kutanthauza Wine of Origin. Dongosolo iyi inayamba mu 1973. Pakalembedwa W.O. Paarl kapena W.O. Robertson, mphesa zonse zinachoka kumeneko. Koma liu monga Reserve isakudyeleni ndalama: lamulo ya ku South Africa siikamba zamene itanthauza, kampani ili yonse ingalembe.

Nanga wothovola uja tiitana ati shampeni? Champagne weniweni achoka chabe ku dela ya Champagne ku France, ndiye chifukwa adula. Wa ku South Africa wopangidwa mu njila imodzimodzi alembedwa Cap Classique.

Manje nambala yofunika kupambana zonse ni ija ili na % pambali. Castle ili na 5%, koma vinyo ofiila wambili ali pa 13% kapena 14%. Botolo imodzi ya 750ml ya 13% ipitilila ma Castle asanu. Chifukwa vinyo angena mosavuta pa khosi, bambili bazindikila mochedwa, mendo atalema kale. Mukaziba kuti muzamwa, makiyi a motoka asiyeni ku nyumba, sungani ya taxi. Amene ali na pakati asayese, ndipo mwana osafika zaka 18 musamutume ku bottle store, olo mutope bwanji.