Kodi Mafuta Angatontholetse Nyanja?

Ife a ku Mulanje tinazolowera phiri ndi minda ya tiyi, komabe madzi sanatitalikire. Phalombe inali mbali ya boma lathu mpaka 1998, ndipo abale athu ambiri amapita ku nyanja ya Chilwa kukapikula matemba. Ena amaoloka Ruo pa bwato. N'chifukwa chake ulendo uno tati tikambirane nzeru ina yakale ya anthu oyenda panyanja: kuthira mafuta pamadzi kuti mafunde afatse.

Nkhaniyi si nthano ayi. Mu 1757 Benjamin Franklin wa ku America, ali pa ulendo wa ku England, anaona kuti kumbuyo kwa sitima ziwiri madzi anali bata pamene kwa zinzake kunali kuwinduka. Atafunsa, anauzidwa kuti mwina ophika anali atangotaya madzi otsukira mbale okhala ndi mafuta. Patapita zaka anakayesa yekha pa dziwe la ku Clapham, kufupi ndi London. Kasupuni kamodzi ka mafuta kanayala bata pa malo okwana theka la ekala.

Chimachitika n'chiyani? Mafuta sasakanikirana ndi madzi. Amayandama ndi kufalikira mpaka kukhala kachikopa kopyapyala zedi. Kachikopa kameneka kamapha timakwinya tating'onoting'ono ta pamwamba pa madzi. Timakwinya timeneti ndi pamene mphepo imagwira ikamakankha funde. Ikasowa pogwira imangoterereka, ndipo nsonga ya funde siisweka msanga n'kukhuthukira m'bwato.

Pozindikira izi, malamulo a maiko ambiri ankalamula kuti mabwato opulumukira a m'sitima zikuluzikulu azikhala ndi galoni imodzi ya mafuta a nsomba, a nyama kapena a mbewu. Mafutawo ankaikidwa m'thumba la nsalu yolimba lobooledwa timabowo, ndipo ankalilendewetsa m'madzi mbali yochokera mphepo kuti azidontha pang'onopang'ono. Lamuloli linatha chakumapeto kwa zaka za m'ma 1900. Masiku ano mabwato opulumukira ambiri ndi ofoleredwa pamwamba ndipo ali ndi injini.

Tsono mfundo yathu yagona apa. Mafuta amasalaza pamwamba pokha, mphamvu ya funde lalikulu saichotsa. Franklin yemweyo anayesanso ku Portsmouth mu 1773, panyanja yeniyeni. Pamene panathiridwa mafuta panasalaladi, koma mafunde anapitirirabe kukwera ndi kutsika, ndipo kugombe ankaswekabe monga kale.

Ife Amalawi mphamvu ya funde timaidziwa. Pa 30 July 1946 sitima ya Vipya inamira pa nyanja ya Malawi kufupi ndi Florence Bay, kumene lero timati Chitimba, ndipo anthu 145 anataya miyoyo. Ngati namondwe anagonjetsa sitima yachitsulo, nanga kabwato ka matabwa kosenza anthu, njinga ndi madengu a matemba? Tisanyengedwenso poti Chilwa ndi nyanja yosaya. Pa madzi osaya mafunde amakhala afupiafupi ndi ochindikala, ndipo amadzaza bwato mwamsanga.

Choncho pasapezeke wina womva nkhaniyi n'kukatsanulira oilo wakutha wa injini m'nyanja. Mafuta ochokera pansi pa nthaka sagwira bwino ntchitoyi ngati a nsomba kapena a mbewu, komanso amapha nsomba ndi mbalame. Chilwa ndi malo otetezedwa pansi pa pangano la Ramsar kuyambira 1997, ndipo ndiye ndiwo za mabanja athu.

Chopulumutsa moyo n'chodziwika kale. Bwato likadzaza, tisakwere ngakhale mwini wake atatinyengerera. Tifunse jekete yoyandamitsa, makamaka ya ana. M'bwato mukhale chokapira madzi. M'miyezi yozizira, pamene mwera umaomba, tiziyamba tafunsa asodzi a pa doko tisanakwere. Akati lero ayi, tigone pomwepo. Akuluakulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha.

Makolo, tsiku la mphepo tengani ana mupite nawo pa chithaphwi, mudonthezepo dontho limodzi la mafuta ophikira. Adzaona okha bata likufalikira. Akatha kudabwa, muwauzenso pamene nzeruyi imalekezera.