Mizinda Siidayambire ku Ulaya Kokha

Mphunzitsi wa pa yunivesite amene amayamba mbiri ya mizinda ndi Athens ndi Rome, nakathera ku London, amawamana ophunzira ake theka la choonadi. Kodi Aafrika sadamange mizinda?

Ena amati zolembedwa za mizinda ya mu Afrika n'zochepa. Kumeneko n'kuzemba chabe. M'chaka cha 1331, Ibn Battuta adafika ku Kilwa, m'dziko lomwe lero ndi Tanzania, nalemba za kukongola kwa mzindawo. Mu 1377, Ibn Khaldun, wobadwira ku Tunis, adalongosola m'mene mizinda imakulira ndi kugwa. Malinga a Great Zimbabwe adamangidwa ndi miyala popanda matope, ndipo mu 1929 Gertrude Caton-Thompson adatsimikiza kuti omanga ake adali Aafrika, ngakhale atsamunda ambiri adapitirizabe kukana.

Wophunzira amene sadamve zimenezi amatuluka akuganiza kuti mzinda udabwera ndi azungu. Mawa akadzapatsidwa udindo wokonza Lilongwe kapena Blantyre, adzangotengera za eni, osafunsa ngati zikuyenera anthu ake. Mlandu wake udzagwera amene adamphunzitsa.