Chidindo cha pa nyama chikusowa anthu

Pa nyama iliyonse yomwe yaphedwa motsata malamulo m'dziko muno pamayenera kukhala chidindo. Chidindocho ndi umboni woti wogwira ntchito m'boma adaiona ng'ombe, mbuzi kapena nkhumbayo ili moyo, adaiunikanso itasendedwa, ndipo adakhutira kuti anthu angathe kudya. Ogula ambiri m'mabutchala a ku Ndirande, Kawale kapena Chibavi safunsako za chidindochi. Iwo amafunsa mtengo wa kilo ndi kuchuluka kwa mafupa.

Pomwe achinyamata omaliza maphunziro akulimbirana mipata ya uphunzitsi, unamwino ndi upolisi, ntchito yoyeza nyama imatchulidwa mwa apo ndi apo. Nayo mikangano ya ndalama za unduna wa zamalimidwe imathera pa feteleza ndi chimanga. Chikhalirecho anthu a m'tauni akudya kanyenya, mang'ina ndi nkhuku zachizungu tsiku ndi tsiku, ndipo funso lofunika kuyankhidwa n'lakuti kodi dziko lino lili ndi anthu okwanira oima pakati pa mpeni wa wopha nyama ndi mbale ya wogula.

Ntchito ya mpeni ndi maso

Woyeza nyama amayamba ntchito chiweto chisanaphedwe. Amaona chikalata chosonyeza komwe chachokera, kenako amayang'ana mayendedwe ake, mapumidwe, dovu la kukamwa ndi zilonda za m'mapazi. Chikaphedwa, amacheka masaya, lilime ndi mtima kufunafuna timatuza ta mphutsi za njoka za m'mimba. Amapapasa mapapo ndi kung'amba tizigawo tija timatupa munthu akachita mwanabere, pofufuza chifuwa chachikulu cha ng'ombe chomwe chimagwiranso anthu. Amatsegula njira za ndulu m'chiwindi kuti aone ngati mulibe nyongolotsi. Vuto likakhala laling'ono amataya chiwalo chokhacho. Likakula amalamula kuti nyama yonse iwotchedwe kapena ikwiriridwe.

Pa nkhumba m'pomwe kufunika kwa mpeni umenewu kumaonekera bwino. Munthu akadya nyama yosapsa bwino yokhala ndi timatuza toyera tonga mpunga, m'matumbo mwake mumakula njoka yaitali. Mazira a njokayo amatuluka ndi chimbudzi, ndipo akalowa m'thupi la munthu kudzera m'madzi kapena m'chakudya, mphutsi zake zimatha kukakhazikika mu ubongo. Bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO limati m'madera momwe njokayi ndi yofala, pafupifupi anthu 30 mwa 100 alionse odwala khunyu amadwala kaamba ka iyo. Zomwe woyeza waphonya pamsika wa kumudzi zimakaonekera m'chipatala patapita zaka.

Kafukufuku yemwe bungwe lomweli lidatulutsa mu 2015 adasonyeza kuti mu Africa anthu oposa 91 miliyoni amadwala chaka chilichonse kaamba ka chakudya choipa, ndipo 137,000 amamwalira. Si onse omwe amadwala ndi nyama, koma nyama, mkaka ndi mazira ndi zina mwa njira zikuluzikulu zomwe matenda a ziweto amadzera pofika kwa munthu.

Matenda a anthrax akhala akukumbutsa dziko lino za chiopsezochi. Kumapeto kwa 2018 mvuu zidafa mumtsinje wa Shire m'nkhalango ya Liwonde, ndipo boma lidachenjeza anthu kuti asadye nyama ya zinyama zofa zokha. Mu December 2023, WHO idalengeza kuti matendawa abuka ku Kenya, Malawi, Uganda, Zambia ndi Zimbabwe, pomwe anthu oposa 1,100 ankaganiziridwa kuti adwala ndipo 20 adamwalira. Chiweto chofa ndi anthrax sichisendedwa, chifukwa kuchitumbula kumamwaza tizilombo tomwe timakhala m'nthaka kwa zaka makumimakumi. Koma kumidzi ng'ombe ikafa yokha, mwini wake amayesetsa kupulumutsako kangachepe poigulitsa motchipa kapena pangongole. Popanda wa zaziweto pafupi, palibe woletsa.

Khomo lolowera ntchitoyi

Udindo woyeza nyama uli m'manja mwa nthambi yoona zaumoyo ndi chitukuko cha ziweto mu unduna wa zamalimidwe, yomwe imagwiritsa ntchito malamulo a Meat and Meat Products Act ndi Control and Diseases of Animals Act. Makhonsolo amayendera mabutchala ndi malo odyera kudzera mwa ogwira ntchito zaumoyo, pomwe bungwe la Malawi Bureau of Standards, lomwe lidakhazikitsidwa mu 1972, limaona zakudya zopakidwa m'mafakitale.

Wachinyamata wofuna ntchitoyi ali ndi makomo angapo. Sukulu ya Mikolongwe ndi koleji ya Natural Resources, yomwe ili pansi pa yunivesite ya LUANAR, zimaphunzitsa alangizi a zaumoyo wa ziweto. Madokotala a ziweto, omwe kwa zaka zambiri ankaphunzira kunja, tsopano akuphunzitsidwa ku Bunda. Ofuna kuyendera malo ogulitsira chakudya amaphunzira zaumoyo wa m'madera ku MUBAS kapena ku Malawi College of Health Sciences. Palinso ntchito za m'labotale, monga yaikulu ya zaziweto yomwe ili kwa Bwemba ku Lilongwe.

Vuto lili pa zomwe amakapeza akalembedwa. M'maboma ambiri mlangizi woyeza nyama ndi yemweyo wobaya agalu katemera wa chiwewe, wothandiza alimi pa chitopa ndi chigodola cha nkhumba, komanso wolemba zikalata zonyamulira ziweto. Nyama zimaphedwa mbandakucha, ndipo zochuluka zimaphedwa kumapeto kwa sabata, pa Khirisimasi ndi pa Eid, masiku omwe maofesi a boma amakhala otseka. Munthu mmodzi sangakhale pamisika itatu nthawi imodzi. Komwe sadafike, nyama imapachikidwabe ndipo imagulidwa.

Palinso nkhani ya ufulu wogamula mopanda mantha. Kutaya ng'ombe yathunthu ndi kutaya mpamba wa mwini butchala, ndipo woyezayo amakhala naye dera limodzi, ana awo amaphunzira sukulu imodzi, mwinanso amapemphera tchalitchi kapena mzikiti umodzi. Ngati boma silinamupatse njinga yamoto ndi mafuta, n'kumayembekezera kuti akamutenge ndi yemwe akukamuyezera nyama, chidindo chimasanduka mwambo chabe. Ichi ndicho chifukwa chake ntchitoyi imayenera kukhala ya m'boma: wogamula asadye za wogamulidwa.

Nkhuku zikubweretsa mafunso atsopano. Zimaphedwa zambirimbiri nthawi imodzi m'makampani, pomwe zina zimadulidwa kuseri kwa benchi pamsika ndi madzi a m'ndowa imodzi. Tizilombo monga Salmonella ndi Campylobacter sitioneka ndi maso, chimodzimodzi mankhwala otsalira m'thupi la nkhuku yomwe yaphedwa masiku oyenera kudikira asanakwane. Apa mpeni sukwanira. Pakufunika anthu odziwa kutenga zoyeza, kuziunika m'labotale ndi kuwerenga mabuku a fakitale.

Zomwe zidaoneka kwina

Dziko la South Africa lidaphunzira movutikira kuti tizilombo tosaoneka timapha. Pakati pa 2017 ndi 2018, anthu 1,060 adapezeka ndi matenda a listeriosis ndipo 216 adamwalira, ambiri mwa iwo makanda. Pa 4 March 2018, nduna ya zaumoyo ya nthawiyo Aaron Motsoaledi idalengeza kuti gwero lake lidali poloni wopangidwa pafakitale ya Enterprise Foods ku Polokwane. Malawi lidali limodzi mwa maiko omwe adaletsa nyama zokonzedwa kale zochokera kumeneko, ndipo masitolo adachotsa katunduyo m'mafiriji. Dziko logula chakudya kunja limadalira oyeza a eni ake, koma limafunikanso ake pachipata.

Ku America ntchitoyi ili ndi mbiri yaitali. Lamulo loyeza nyama lidakhazikitsidwa mu 1906, buku la Upton Sinclair lotchedwa The Jungle litaulula uve wa m'mafakitale a nyama ku Chicago, ndipo la nkhuku lidatsatira mu 1957. Lero nthambi ya Food Safety and Inspection Service imayang'anira mafakitale oposa 6,000, ndipo fakitale yophera nyama yogulitsa siloledwa kuyamba kupha popanda woyeza wa boma. Ntchitoyi ili ndi makwerero odziwika: munthu amayamba ndi kuunika nyama imodziimodzi pamzere, n'kukwera kukhala woona ukhondo ndi mabuku a fakitale, pomwe madokotala a ziweto amagamula pa nyama zokayikitsa. Ntchito zambiri za boma la dzikolo zitaima kwa masiku 43 mu 2025 kaamba ka kusamvana pa bajeti, oyeza nyama adali m'gulu la omwe adapitiriza kugwira, chifukwa akadachoka iwo mafakitale akadatseka.

Ngakhale kumeneko zinthu zimapsa. Pakati pa 1992 ndi 1993 ana anayi adamwalira atadwala ndi tizilombo ta E. coli pa mliri womwe udachokera ku nyama yogaya yosapsa bwino, ndipo mu 1996 boma lidalamula mafakitale kuti azikhala ndi ndondomeko yolembedwa yopewera tizilombo pagawo lililonse la ntchito. Mu 2024 anthu 61 adadwala ndipo 10 adamwalira ndi listeriosis yochokera kufakitale ya Boar's Head ku Jarratt m'chigawo cha Virginia. Zidadziwika pambuyo pake kuti oyeza adali atalemba kale zolakwika 69 pafakitaleyo m'chaka chimodzi, kuphatikizapo nkhungu, tizilombo touluka ndi madzi odontha, koma ntchito idapitirira mpaka anthu adafa. Kulemba zolakwika sikupulumutsa munthu ngati wolembayo, kapena bwana wake, sangatseke chitseko.

Zoyenera kukonza

Choyamba ndi chiwerengero. Boma liyenera kuwerenga malo onse ophera nyama m'mizinda ndi m'misika ya m'maboma, n'kulemba anthu molingana ndi malowo, osati molingana ndi mipando yomwe idakhazikitsidwa mizinda isanakule. Kuphunzitsa achinyamata ku Mikolongwe, Natural Resources ndi Bunda kenako n'kuwasiya akugulitsa mankhwala a ziweto m'mashopu pomwe misika ilibe woyeza, n'kutaya ndalama za misonkho kawiri.

Chachiwiri ndi zipangizo. Woyeza ayenera kufika pamalo ophera ndi mayendedwe a boma, mipeni yake, zovala zodzitetezera ndi malipiro a ntchito ya mbandakucha ndi ya masiku atchuthi. Ndalama zomwe opha nyama amalipira zizidzera kuofesi ndi risiti, zisamadzere m'manja mwa wodinda.

Chachitatu ndi tsogolo la wogwira ntchitoyo. Munthu yemwe akuona kuti adzapuma pantchito ali pampando womwe adayambira, amachoka akangopeza mpata ku kampani kapena ku bungwe. Njira yochokera pa dipuloma kufika pa digiri, komanso yochokera pamsika kupita kulabotale, iyenera kukhala yotseguka ndi yodziwika. Pafunikanso kuti nthambi ya ziweto, makhonsolo ndi Malawi Bureau of Standards agwirizane momveka kuti wotseka malo ophwanya malamulo ndi ndani, kuopa kuti aliyense aziyesa kuti mnzake wachita kale.

Nkhaniyi ikukhudzanso malonda. Palibe dziko lomwe limagula nyama yakunja popanda chikalata cha dokotala wa ziweto wa boma lomwe likulikhulupirira. Botswana yakhala ikugulitsa nyama ya ng'ombe ku Ulaya kwa zaka zambiri, ndipo mu 2020 Namibia idakhala dziko loyamba mu Africa kutumiza nyama ya ng'ombe ku America. Maiko awiriwa adayamba ndi kulimbitsa nthambi zawo za ziweto. Masomphenya a Malawi 2063 amakamba za ulimi wa malonda, koma ng'ombe za ku Chikwawa ndi Nsanje sizingadutse malire ndi masomphenya okha.

Nawo ogula ali ndi mbali yawo. Akuluakulu adati wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Mwini butchala yemwe makasitomala ake amafunsa chidindo asanatulutse ndalama, adzayamba yekha kuvutitsa ofesi ya zaziweto kuti imutumizire woyeza, ndipo phungu yemwe anthu ake akudandaula adzafunsa m'Nyumba ya Malamulo kuti mipando ya oyeza nyama yopanda anthu ilipo ingati ndipo idzadzazidwa liti.