Musagwetse fakitale chifukwa cha sefa imodzi

Mwezi wathawu tinaika azakhali anga kuno ku Makwasa. Pulogalamu ya mwambo wa maliro tinakalembetsa pa kashopu kena ka pamsika, kumene kuli mnyamata wofatsa, wodziwa ntchito yake. Mapepala atafika pasiwa ndinaona zimene zinandipweteka kuposa fumbi la mumsewu. Mawu akuti mwambo anali atadulidwa kumapeto kwa mzere kukhala "mwam-bo". Chikumbutso chinasanduka "chikum-butso". Dzina la boma lathu linali "Thy-olo". Agogo ena powerenga mokweza anapunthwa kawiri, anthu n'kuyamba kunong'onezana pa nthawi yoti tilire.

Mnyamatayo sindikumudzudzula. Mizere inali yopapatiza, mawu athu ndi aatali, ndipo pofuna kutseka mipata yoyasamula pakati pa mawu anauza kompyuta kuti izidula yokha. Kompyutayo inadula ndithu, koma ndi mpeni wa Chingerezi, chifukwa ndi mpeni wokhawo umene inapatsidwa.

Mkangano wanga uli ndi anzanga ophunzira amene ndinawadandaulira nkhaniyi. Anagawika pawiri. Ena anati, "Aaa, inunso, ingolembani m'Chingerezi basi, kompyuta simva Chichewa." Ena, makamaka achinyamata odziwa kulemba khodi, maso anawala: "Tipange pulogalamu yathuyathu yolembera, ya Chimalawi, kuyambira pansi!" Onsewa ndikuwatsutsa, ndipo achiwiriwo ndikuwatsutsa kwambiri, pakuti iwo ndi amene akanatha kutithandiza.

Aliyense wokulira m'minda ya tiyi amadziwa kuti tsamba silisanduka tiyi pa makina amodzi. Limayamba lafota, kenako lidulidwe ndi kuperedwa, lisiyidwe mpaka lifiire, liumitsidwe, pomaliza lisefedwe m'magiredi. Tiyi akatuluka wosakanikirana, fumbi ndi timitengo pamodzi, palibe kapitawo wamisala amene amati tigwetse fakitale timange ina. Amapita kukaona sefa. Pulogalamu yolembera zikalata inamangidwanso chimodzimodzi, zipinda zipinda, ndipo m'mapulogalamu a khodi yotseguka zitseko za zipindazo n'zosakhoma.

Titenge LibreOffice, imene aliyense angaitsitse pa intaneti osalipira. Inabadwa mu 2010 pamene anthu ena amene ankasamalira OpenOffice.org anapatukana nayo n'kukhazikitsa The Document Foundation. Chipinda choyamba ndi fayilo yenizeniyo. Fayilo ya .odt ndi thumba chabe la zip. Mukalimasula mupeza kuti mawu anu ali mu content.xml, pamene malamulo a maonekedwe a masamba ndi mitu ali mu styles.xml. Kapangidwe kameneka, kotchedwa OpenDocument, kanavomerezedwa ndi bungwe la ISO mu 2006, kutanthauza kuti mdzukulu wanu adzatha kutsegula kalata yanu ngakhale kampani ina itagwa. Chipinda chachiwiri ndi choumba zilembo, ntchito imene imagwiridwa ndi HarfBuzz mothandizana ndi fonti. Chachitatu ndi choyala mizere ndi masamba. Chachinayi ndi cha chiyankhulo: kuona ngati mawu alembedwa molondola, ndi kudziwa podulira mawu. Matenda a pulogalamu ya maliro ija anali m'chipinda chachinayichi basi. Zina zonse zinagwira ntchito bwino lomwe.

Tsono mverani kuchepa kwa sefa imene tikusowayo. Donald Knuth wa ku Stanford, atanyansidwa ndi mmene osindikiza anayalira buku lake la The Art of Computer Programming, anayamba kupanga TeX cha m'ma 1977 ndi 1978. Wophunzira wake Frank Liang mu 1983 anamaliza ntchito yofotokoza njira yodulira mawu pogwiritsa ntchito mndandanda wa timalamulo tating'ono tosungidwa m'fayilo yapadera. Njira yomweyo ndi imene LibreOffice imatsata mpaka lero. Chingerezi, poti kalembedwe kake n'kosokonekera, chimafuna timalamulo masauzande. Nanga Chichewa? Mwana wa sitandade 1 aliyense amaimba yankho lake m'kalasi: pafupifupi phatikizo lililonse la mawu athu limathera pa lembo la liwu. Mwa-mbo. Chi-ku-mbu-tso. Thyo-lo. Dulani pambuyo pa a, e, i, o, u, ndipo musalekanitse mph, nkh, ndz kapena ng'. M'kalembedwe ka Liang maziko a lamuloli ndi mizere isanu: a1, e1, i1, o1, u1. Pamwamba pake muwonjezere zochepa zokhudza m woima payekha ngati wa mu "ndinam'peza", ndi mayina achilendo. Ntchito yoti mphunzitsi wa Chichewa ndi wolemba khodi angaimalize Loweruka ndi Lamlungu, ife tikufuna kuithawa pomanga fakitale yatsopano. Zoona abale?

Amene akufuna kuyambira pansi sanawerengere mtengo. Adzayenera kulemba okha zoyala matebulo, manambala a masamba, mawu a m'munsi mwa tsamba, zotumiza ku pirintala, zotulutsa PDF, zotsegula mafayilo a Microsoft Word amene maofesi onse amatumizirana. Anthu mazanamazana achita zimenezi kwa zaka zoposa 30, kuchokera pa StarOffice ya ku Germany imene Sun Microsystems inagula mu 1999 n'kutsegula khodi yake mu 2000. Mnyamata wathu adzatha zaka ziwiri, adzaonetsa kawindo kokongola kolembedwa "Tsegulani" ndi "Sungani", anthu adzaomba m'manja pa Facebook, kenako adzapeza ntchito ku Blantyre kapena ku Johannesburg, pulogalamu n'kufera pa laputopu yake. Ndipo mawu akuti mwambo adzakhala akudulidwabe molakwika.

Sindikunena kuti zonse zili bwino m'nyumba ya khodi yotsegukayi. Pali malo amodzi pamene kamangidwe kake kamatifinya, ndipo apa ndi pamene ndikufuna nzeru za achinyamata athu zikathere. Choyang'anira kalembedwe ka mawu mu LibreOffice ndi Hunspell, imene László Németh anaikonza poganizira Chihangare. Chiyankhulo chimenecho chimalumikiza timawu tambiri kumchira kwa tsinde. Choncho Hunspell imalola kusenda zigawo ziwiri kumchira ndi chimodzi kumutu, kapena mukaitembenuza, ziwiri kumutu ndi chimodzi kumchira. Koma taonani mneni wathu: sindinawaphikirenso. Si, ndi, na, wa, onsewo kumutu. Ndiye tsinde phik. Ndiye ir, e, nso kumchira. Ife timasenza katundu kumutu ndi kumsana nthawi imodzi. Kuti Hunspell imvetse zimenezi, wolemba dikishonale amakakamizika kumanga mitolo ya timawu yosawerengeka n'kuinamiza kuti ndi chigawo chimodzi. Edmond Kachale ndi Kevin Scannell anayambapo kale dikishonale ya Chichewa ya mtundu umenewu, ndipo ayenera kuthokozedwa. Koma ngati pali chinthu choyenera kuchikonzanso mwakuya, ndi kachipinda aka: choyang'anira mawu chodziwa ndondomeko ya mneni wa ziyankhulo za Chibantu, cholumikizika pakhomo lomwelo pamene Hunspell imalumikizika. Chikatheka, a Chitumbuka, Chiyao, Chilomwe, Chisena ndi Chiswahili adzakolola nafe limodzi. Kumeneko ndiye kumanganso kwanzeru, kodziwa khoma loyenera kugumula ndi loyenera kulisiya.

Kwa anzanga oti tizingolemba Chingerezi ndili ndi funso limodzi. Kuno ku Makwasa ndi kwawo kwa Malamulo, mishoni imene a Seventh-day Adventist anaitenga mu 1902. Mabuku angati a Chichewa m'nyumba za agogo athu amene pachikuto pake panalembedwa Malamulo Publishing House, Makwasa? Anthu amene ankayala mabuku amenewo analibe zida zimene tili nazo lero, koma ankadziwa podulira mawu, chifukwa chiyankhulocho chinali m'khutu mwawo. Lero tili ndi makina oposa awo kutalitali, ndiye tiziti Chichewa sichiyalika? Ngakhale chilembo cha ŵ, chimene owerenga Buku Loyera amachidziwa bwino, chili ndi nambala yakeyake mu Unicode. Chikasanduka kabokosi papepala, vuto ndi fonti imene mwasankha. Sinthani fonti, osati chiyankhulo.

Ndivomereze kuti nafenso olemba tili ndi mlandu. Timakankha mutu wa nkhani ndi batani la mpata kuti ufike pakati, timadina Enter kakhumi kuti tifike tsamba lina, kenako fayilo ikatsegulidwa pa kompyuta ina zonse zimabalalika ngati nkhuku zoona kabawi. Omanga pulogalamu analekanitsa dala mawu ndi maonekedwe kuti tizinena kamodzi kuti uwu ndi mutu, iyi ndi ndime, makina n'kumayala okha. Tikakana kuphunzira zimenezi, ngakhale pulogalamu itapangidwira pa Thyolo pompano idzatibalalitsira chimodzimodzi.

Pempho langa likupita kwa a Centre for Language Studies ku Zomba, amene ndi osunga malamulo a kalembedwe ka Chichewa, ndi kwa ophunzitsa za makompyuta ku MUST, imene ili m'boma lathu lomwe lino. Khalani pansi limodzi. Lembani fayilo ya malamulo odulira mawu, muiyese pa mawu ochuluka a m'manyuzipepala ndi m'mabuku, muitumize kwa osamalira LibreOffice ndi TeX pansi pa layisensi yotseguka kuti izibwera yokha ndi pulogalamu. Wophunzira wa chaka chomaliza amene akufuna pulojekiti apatsidwe mneni wa Chichewa, osati kawindo kena katsopano. Mutu umodzi susenza denga, koma denga ili ndi la khitchini chabe.

Ine ndayamba kale ndi mizere isanu ija pa laputopu yanga yakale, ndipo ndikusonkhanitsa mawu amene akuivuta. Ngati muli ndi mapulogalamu a maukwati, a maliro kapena a misonkhano ya mpingo amene mawu ake anadulidwa mochititsa manyazi, musawataye. Nditumizireni, tiwagwiritse ntchito poyesa sefa. Chaka chamawa tidzaika mwala pamanda a azakhali, ndipo pepala la tsiku limenelo ndikufuna agogo aja adzaliwerenge mpaka pansi osapunthwa.